Mpando wa Premier wa Gauteng: Amaupereka Ndani, Amaulanda Ndani?

Loweruka lina titangotuluka m'mapemphero pa holo ina yomwe Amalawi timasonkhanapo kuno ku Joni, mayi wina wa ku Mangochi adandiitanira pambali. Adatulutsa envulopu ya khaki yong'ambika m'mphepete. M'katimo mudali kalata ya kubadwa ya mwana wawo, lipoti la kusukulu, ndi pepala losindikiza kuchokera pa intaneti lonena kuti mwanayo sadapeze malo a Giredi 8.

"Aphunzitsi, inu mumachidziwa Chingerezi cha boma. Mundilembereko kalata yopita kwa a Ramaphosa."

Ndidawauza kuti kalata yoteroyo ingakangogona m'kabati ku Pretoria. Sukulu za boma za mu Johannesburg sizili m'manja mwa Pulezidenti. Mwini wake ndi boma la chigawo cha Gauteng, lomwe lili ndi nduna yakeyake ya maphunziro. Mayiwo adandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka nkufunsa kuti, "Kodi chigawonso chimakhala ndi boma?"

Funso limeneli si lachibwana ayi. Kwathu ku Malawi chigawo cha kumpoto, chapakati ndi cha kummwera ndi maina chabe pa mapu. Zigawozo zilibe nyumba ya malamulo, zilibe bajeti. M'nthawi ya Kamuzu kudali nduna za zigawo, koma adali anthu omwe iye mwini ankawaika ndi kuwachotsa. Ku Zambia nakonso nduna ya chigawo cha kummawa imasankhidwa ndi Pulezidenti ku Lusaka. Ku Mozambique, kuyambira chisankho cha 2019, bwanamkubwa wa Tete amachokera m'mavoti a anthu, komabe pambali pake pamakhala mlembi wa boma wotumidwa ndi Pulezidenti. Choncho Mmalawi akatsika basi pa Park Station amabwera ndi maganizo akuti boma ndi limodzi basi. Kuno maboma ndi atatu osanjikizana: la dziko lonse, la chigawo, ndi la mzinda. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa za kayendetsedwe ka boma, ndipo ndaona kuti la pakatilo ndi lomwe anthu salidziwa kwenikweni, chikhalirecho ndi lomwe limagwira chipatala chomwe mumakachirirako ndi sukulu yomwe mwana wanu amapitako.

Gauteng ndi chigawo chaching'ono kuposa zonse 9 za dziko lino, sichifika ngakhale magawo 2 pa 100 a nthaka yonse. Koma kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 15 miliyoni m'menemu, kutanthauza pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse a mu South Africa, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma cha dziko limapangidwa momwemu. Dzinali ndi la Chisuthu, limatanthauza malo a golide, golide yemwe adapezeka ku Witwatersrand mu 1886 nkukoka agogo athu kudzera ku Wenela ndi Theba. Agogowo ankadziwa dzina la Transvaal. Kuyambira 1910 Transvaal idali chimodzi mwa zigawo zinayi za dziko lino, ndipo mkulu wake ankaikidwa ndi boma la ku Pretoria. Khonsolo ya chigawo, yomwe ankavotera azungu okhaokha, idathetsedwa mu 1986.

Pa zokambirana zothetsa tsankho, ANC inkafuna boma limodzi lamphamvu, pomwe National Party ndi Inkatha ankafuna zigawo zodziimira. Adakumana pakati. Transvaal idaduladulidwa, ndipo chidutswa cha mizinda ndi migodi chidayamba ndi dzina la PWV, kuimira Pretoria, Witwatersrand ndi Vereeniging, chisadatchedwe Gauteng. Zigawo zidapatsidwa nyumba za malamulo ndi nduna, koma chikwama chidatsala ku likulu. Mpaka lero ndalama zoposa 90 pa 100 zomwe Gauteng imagwiritsa ntchito zimachokera ku thumba la dziko lonse. Zomwe imatolera yokha ndi za malaisensi a galimoto, msonkho wa juga ndi timalipiro ta m'zipatala. Mbali yaikulu ya bajetiyo imathera pa zinthu ziwiri, zaumoyo ndi maphunziro. Apolisi si a chigawo, mapepala okhalira m'dziko si a chigawo, madzi a pa mpopi ndi zinyalala ndi za mzinda.

Mkulu wa boma la chigawo amatchedwa Premier, ndipo nduna zake anthu amangoti ma MEC. Pano mpofunika kumvetsetsa bwino. Pa pepala lovotera palibe pomwe munthu amachonga Premier. Nzika zimavotera aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawo, makamaka kudzera m'zipani, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti omwe chipani chapeza. Aphunguwo pa tsiku loyamba kukumana, woweruza milandu ali pa mpando wotsogolera, amasankha mmodzi mwa iwo kukhala Premier. Iye amasankha nduna zosachepera 5 komanso zosapitirira 10. Lamulo limamulola matemu awiri a zaka 5, ndipo aphungu akhoza kumuchotsa ndi voti yosonyeza kuti alibe naye chikhulupiriro.

Izo ndi za m'buku. Mukafuna kuona momwe zakhala zikuyenderadi, kaimeni pa bwalo la Beyers Naudé pakati pa mzinda wa Johannesburg. Mbali imodzi muona chinyumba chakale chamiyala cha City Hall, momwe nyumba ya malamulo ya Gauteng imakumana. Mukatembenuka nkuyenda mphindi zochepa, mufika pa Luthuli House, likulu la ANC. Kuyambira 1994 anthu 7 akhalapo pa mpando wa Premier, onse a ANC. Mwa 6 omwe adachokapo, palibe yemwe adachotsedwa ndi aphungu, palibe yemwe adagwa pa chisankho, ndipo palibe yemwe adamaliza matemu awiri athunthu. Kulowa ndi kutuluka kwawo kudakonzedwa m'chipani. City Hall inkangodinda chidindo.

Woyamba adali a Tokyo Sexwale, mwana wa ku Soweto yemwe adakhala zaka 13 m'ndende ya Robben Island. Dzina loti Tokyo adalitenga chifukwa chokonda karate ali mnyamata. Adalowa mu Meyi 1994 ANC itapeza mavoti pafupifupi 58 pa 100 m'chigawochi. Ntchito yomwe adaipeza idali yosoka nsanza: maofesi a maphunziro omwe adali ogawidwa potengera khungu adayenera kukhala amodzi, zipatala chimodzimodzi, uku m'makomboni a ku East Rand monga Thokoza ndi Katlehong mabala a nkhondo ya pakati pa otsatira ANC ndi a Inkatha akadali aawisi. A Sexwale adali munthu wokondedwa, wodziwa kulankhula, ndipo ambiri ankawaona ngati mmodzi mwa omwe angadzalowe m'malo mwa a Mandela. Koma njira imeneyo idali kale ya a Thabo Mbeki. Kumayambiriro kwa 1998 adatula pansi udindo nkulowa m'bizinesi ya migodi, komwe adalemera kwambiri. Adabwereranso m'boma mu 2009 ngati nduna ya zanyumba.

Nkhani ya yemwe adawalowa m'malo ndi yaifupi koma ndi yomwe idasintha malamulo a masewero onse. Akuluakulu a ANC adali ndi munthu wawo, m'busa Frank Chikane, koma nthambi za chipani ku Gauteng zidasankha loya, a Mathole Motshekga, kukhala wapampando wa chipani m'chigawo, ndipo potero adakhala Premier. Likulu silidakondwe. Ulamuliro wawo udadzaza ndi mikangano ndi kafukufuku, ndipo udatha chaka chimodzi ndi theka chokha. M'nyengo yomweyo ANC idagamula kuti kukhala wapampando wa chipani m'chigawo sikutanthauza kuti ndiwe Premier. Dzina la Premier lizichokera kumwamba. Chisankho cha 1999 chitachitika, ANC idakwera kufika pa mavoti pafupifupi 68 pa 100, koma a Motshekga sadabwerere pa mpandowo.

Yemwe a Mbeki adamutumiza adali a Mbhazima Shilowa, ndipo pa iwowa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi omwe adakhalitsa kuposa onse, zaka zoposa 9. Adachokera kumudzi ku Limpopo, adagwirapo ntchito ya ulonda, nkukwera m'mabungwe a apantchito mpaka kukhala mlembi wamkulu wa COSATU, mgwirizano waukulu wa mabungwewo. Anthu ankawadziwa ndi masokosi ofiira. Ambiri ankayembekeza kuti munthu wa mabungwe a apantchito adzalimbana ndi eni makampani, koma iye adasanduka Premier wa zomangamanga zikuluzikulu, mogwirizana ndi makampani omwewo. Chachikulu mwa zonse ndi sitima ya Gautrain, yomwe anthu adaipatsa dzina loti Shilowa Express isadayambe nkumangidwa komwe. Ntchito idayamba mu 2006, ndipo mbali yoyamba, ya Sandton kukafika pa bwalo la ndege la OR Tambo, idatsegulidwa mu Juni 2010 kutatsala masiku ochepa kuti mpira wa World Cup uyambe. Njanjiyo ndi ya makilomita pafupifupi 80, masiteshoni 10. Sitimayo imayenda bwino, imasunga nthawi, sindikana. Koma siifika ku Soweto, siifika ku Tembisa, ndipo mtengo wake si wa mayi wogwira ntchito ya m'nyumba. Mchemwali wathu yemwe amachapa ndi kusita ku Sandton amadzukabe mbandakucha kukaima pa mzere wa matakisi. Ine ndimaona kuti chigawo chidayamba ndi kusamalira omwe adali kale ndi galimoto.

Chomwe ndimawalemekezera a Shilowa ndi china. M'zaka zomwe boma la a Mbeki linkazengereza pa nkhani ya mankhwala a Edzi, mu Febuluwale 2002 iwo adalengeza kuti zipatala za boma za m'Gauteng ziyamba kupereka nevirapine kwa amayi oyembekezera kuti ateteze ana awo ku kachilombo. Nduna ya zaumoyo ya dziko lonse, mayi Manto Tshabalala-Msimang, idaonetsa poyera kuti sikugwirizana nazo. Apa mpomwe padaoneka kuti mphamvu ya chigawo pa zaumoyo si yongolemba papepala. Ana omwe adabadwa opanda kachilombo chifukwa cha chiganizo chimenecho lero ndi anthu akuluakulu.

Chaka chawo chomaliza ambiri a ife sitidzachiiwala. Pa 11 Meyi 2008 ku Alexandra kudayamba zipolowe zothamangitsa anthu obwera, zidafalikira ku East Rand ndi kwina, ndipo anthu 62 adaphedwa m'dziko lonse. Amalawi ambiri adabwerera kumudzi pa mabasi ali ndi zovala za m'thupi zokha. Otsala adagona m'mabwalo a polisi, kenaka m'matenti omwe boma la chigawo lidamanga, nkudzawatseka patapita miyezi yochepa anthu ena asakudziwabe kolowera. Mu Sepitembala chaka chomwecho ANC idachotsa a Mbeki pa upulezidenti. A Shilowa adati sangatumikire anthu omwe achita zimenezo, adatula pansi udindo, nkupita kukayambitsa chipani cha COPE pamodzi ndi a Mosiuoa Lekota. Taonani: sadachoke chifukwa cha Alexandra, sadachoke chifukwa cha Gautrain. Adachoka chifukwa cha mkangano wa m'chipani.

A Paul Mashatile, omwe adali wapampando wa ANC m'chigawo, adagwirizira mpandowo kwa miyezi 7. Aliyense ankati chisankho cha 2009 chikatha apitiriza. Likulu lidasankha mayi Nomvula Mokonyane. A Mashatile adapatsidwa wachiwiri kwa nduna ya zachikhalidwe, koma adakhalabe wapampando wa chipani ku Gauteng, ndipo patsogolo pake, mu 2023, adadzakhala wachiwiri kwa Pulezidenti wa dziko.

Mayi Mokonyane, mayi woyamba pa mpandowu, ankatchedwa Mama Action chifukwa chokonda kufika pamalo pomwe zavuta. Koma adalamulira nyumba ya eni awiri: boma m'manja mwawo, chipani m'manja mwa munthu yemwe adamudumpha. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Zaka zawo zimakumbukika ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi Bekkersdal, komwe mu 2013 anthu okwiya ndi kusowa kwa chitukuko adawakuwiza, iwo nkuwayankha kuti ANC sikufuna mavoti awo akuda. Adapepesa pambuyo pake, koma mawu akatuluka sabwezedwa m'kamwa. Chachiwiri ndi ma e-toll.

Amene adayendapo pa N1 usiku akukumbukira zipata zachitsulo zija zodutsa pamwamba pa msewu, zowala mtundu wa papo, zojambula nambala ya galimoto iliyonse. Zidayamba kulipiritsa pa 3 Disembala 2013. Zoona zake nzakuti misewu imeneyo ndi ya SANRAL, bungwe la boma la dziko lonse, osati la chigawo. Koma wovota sasiyanitsa. Mabilu ankabwera m'maenvulopu, anthu ankangowaunjika pamwamba pa firiji osawatsegula, COSATU ikuguba, mipingo ikudandaula, ndipo oyendetsa galimoto ambiri adangokana kulipira. Pa chisankho cha 2014 ANC idatsika kuchoka pa mavoti 64 kufika pa 54 pa 100. Mayi Mokonyane adasamutsidwa kukakhala nduna ya zamadzi.

A David Makhura adalowa ali munthu wodziwa chipani kunsi ndi kumwamba, popeza adakhala mlembi wa ANC ku Gauteng zaka zoposa 12. Adayamba bwino. Adakhazikitsa gulu lounikanso ma e-toll, adalankhula zotukula mabizinesi a m'makomboni, ndipo ankaoneka munthu wofatsa, womvetsera. Komabe mu 2016 ANC idataya mizinda ya Johannesburg ndi Tshwane pa chisankho cha makhonsolo. Ndipo m'chaka chomwecho mudachitika chinthu chomwe ndimafuna wophunzira wanga aliyense achidziwe asadanene kuti ndale za chigawo nzosafunika.

Kwa zaka zambiri boma la Gauteng linkalipira kampani ina yosamalira odwala matenda a maganizo pa malo otchedwa Life Esidimeni. Mawu akuti esidimeni amatanthauza malo a ulemu. Mu Okutobala 2015 nduna ya zaumoyo ya chigawo, mayi Qedani Mahlangu, idalengeza kuti mgwirizanowo utha, pofuna kupulumutsa ndalama komanso kuti odwala azisamalidwa kufupi ndi kwawo. Madokotala a matenda a maganizo adachenjeza. Abale a odwala adachenjeza, adaguba, adapita kukhoti. Boma silidamve. M'theka loyamba la 2016 odwala oposa 1,000 adasamutsidwa mothamanga, ena pa magalimoto a bokosi, ena opanda mafayilo awo a kuchipatala, opanda mankhwala, kupita ku timabungwe tomwe tidalibe ziphaso zoyenera, tidalibe anamwino, tina tidalibe ngakhale chakudya chokwanira. Idali nyengo yachisanu, ndipo amene adagonapo ku Joni mu Juni opanda bulangeti akudziwa chomwe ndikunena. Abale ankayenda nyumba ndi nyumba kufunafuna anthu awo, ena nkukawapeza kumalo osungira mitembo patapita masabata. Anthu 144 adamwalira, ambiri ndi njala, ludzu, kuzizidwa ndi kusowa chisamaliro.

Mkulu wofufuza madandaulo a zaumoyo, Pulofesa Malegapuru Makgoba, adatulutsa lipoti lake mu Febuluwale 2017, ndipo mayi Mahlangu adatula pansi udindo. Woweruza wopuma Dikgang Moseneke adamva maumboni kwa miyezi, nkugamula mu Malichi 2018 kuti banja lililonse lodandaula lilandire R1.2 miliyoni. Mu 2024 khoti lalikulu ku Pretoria lidapeza kuti kusasamala kwa mayi Mahlangu ndi kwa mkulu wina wa nthambi ya matenda a maganizo ndiko kudachititsa imfa za ena mwa odwalawo. A Makhura adaonekera pamaso pa a Moseneke, adapepesa, nkunena kuti sadauzidwe zoona. Mwina nzoonadi. Koma funso langa ngati mphunzitsi lili pa nyumba ija ya City Hall. Aphungu otsutsa adafunsa mafunso, ndipo mpamene chiwerengero choyamba cha omwalira chidatulukira. Mphamvu yoimitsa ntchitoyo idali ndi aphungu a chipani cholamula, omwe adali ochuluka, koma sadaigwiritse ntchito. Phungu wolowa kudzera pa mndandanda wa chipani amadziwa kuti mpando wake udachokera kwa omwe amalemba mndandandawo. Akadzudzula nduna ya chipani chake, dzina lake limatsika pa chisankho chotsatira. Ndipo mu 2018 nthumwi za ANC ku Gauteng zidasankhanso mayi Mahlangu kulowa m'komiti yaikulu ya chipani m'chigawo, mpaka anthu atakuwa kwambiri mpomwe adauzidwa kuti achokemo.

Mu 2019 ANC idapulumukira m'kamwa mwa mbuzi: mavoti 50 pa 100 ndi kakusiyana kochepa, mipando 37 mwa 73. Kenaka kudabwera Covid, ndi nkhani ya ndalama zogulira zodzitetezera zomwe zidapita kwa anthu odziwana ndi andale. Nduna ya zaumoyo, a Bandile Masuku, idachotsedwa mu Okutobala 2020. Pa 23 Ogasiti 2021 mayi Babita Deokaran, mkulu wa zachuma mu unduna womwewo, adaomberedwa pakhomo pa nyumba yawo kummwera kwa Johannesburg atangobwera kosiya mwana wawo kusukulu. Adali ataulula malipiro okayikitsa okwana pafupifupi R850 miliyoni okhudza chipatala cha Tembisa. Amuna 6 adavomera mlandu wa kupha mu 2023. Aliyense wa ife amene adakhalapo pa benchi ya chipatala cha boma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nkuuzidwa kuti mankhwala atha, ayenera kudziwa dzina la mayi ameneyu.

A Makhura nawonso sadachotsedwe ndi zonsezi. Chidawachotsa ndi msonkhano wa chipani wa mu Juni 2022, pomwe a Panyaza Lesufi adapambana a Lebogang Maile ndi mavoti ochepa chabe nkukhala wapampando wa ANC ku Gauteng. Patangotha miyezi yochepa a Makhura adatula pansi udindo, ndipo mu Okutobala 2022 a Lesufi adalumbira.

A Lesufi adabwera ndi dzina lomwe adalipanga m'zaka 8 ali nduna ya maphunziro. Njira yolembetsera ana a Giredi 1 ndi Giredi 8 pa intaneti, yomwe idatulutsa pepala la mayi wa ku Mangochi uja, idayamba m'nthawi yawo. Ndi munthu wachangu, wokonda kulengeza zinthu zatsopano. Adalemba achinyamata masauzande ngati alonda olimbana ndi umbanda, omwe anthu amawatcha amaPanyaza, koma popeza upolisi suli m'manja mwa chigawo, mphamvu za alondawo zidakhala nkhani ya mkangano kuyambira tsiku loyamba. Adayambitsa ndondomeko yolemba anthu ntchito ya Nasi iSpani, yomwe otsutsa ankati ndi kampeni. Ma e-toll adazimitsidwa mu Epulo 2024, kutatsala milungu yochepa kuti anthu avote, chigawo chitavomera kusenza magawo 30 pa 100 a ngongole ya misewuyo. Ngongoleyo ikubwezedwa kuchokera m'thumba lomwelo la zipatala ndi sukulu.

Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown idapsa usiku, anthu 76 nkufa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Nyumbayo idali ya mzinda wa Johannesburg, osati ya chigawo, koma Premier ali ndi mphamvu yokhazikitsa bungwe lofufuza, ndipo a Lesufi adaika woweruza wopuma Sisi Khampepe. Lipoti lake lidaloza chala akuluakulu a mzinda chifukwa cholekerera nyumbayo kwa zaka, akudziwa kuti ndi msampha. Ndikutchula izi kuti muone momwe maboma atatu aja amalumikizirana: nyumba ya mzinda, kafukufuku wa chigawo, mapepala a opulumuka m'manja mwa unduna wa dziko lonse.

Tsono chisankho cha pa 29 Meyi 2024 chidagwetsa chinthu chomwe chidaima zaka 30. ANC idapeza mavoti osakwana 35 pa 100. Mwa mipando 80 idatenga 28, DA 22, EFF 11, chipani chatsopano cha MK cha a Jacob Zuma 8, yotsalayo nkugawana zipani zing'onozing'ono 7. A Lesufi adasankhidwanso popanda wopikisana naye, DA itavomera potsatira mgwirizano wake ndi ANC wopanga boma la dziko lonse limodzi. Koma atafika pogawana maunduna zidavuta. DA idati ikupatsidwa zochepa poyerekeza ndi mavoti ake, ndipo idatuluka. Boma lomwe a Lesufi adalengeza mu Julayi 2024 lidali la ANC ndi tizipani titatu, PA, IFP (Inkatha ija) ndi Rise Mzansi, omwe onse pamodzi sadafike pa theka la nyumbayo.

Ena amaona izi ngati chisokonezo, ndipo poona momwe mameya akhala akusinthirana mu Johannesburg kuyambira 2019, mantha awo ndi omveka. Ine ndimaonamo chinthu china. Kwa nthawi yoyamba chiyambire 1994, bajeti ya Gauteng siingadutse chifukwa choti Luthuli House yanena. Premier ayenera kukagogoda kwa aphungu a zipani zina, kupempha, kufotokoza, kugonjera pena. Voti yomuchotsa pa mpando, yomwe kale inkangokhala mwambo wodziwikiratu mathero ake, tsopano ikhoza kuluma. Komiti ya aphungu ikaitana nduna ya zaumoyo, ndunayo singadalirenso kuti anzake ochuluka aitchinjiriza. Zikadakhala chonchi mu 2016, sindikunena kuti anthu 144 aja bwenzi ali moyo onse, koma mawu a madokotala ndi abale aja bwenzi atapeza khomo lolowera.

Ambiri a ife sitivota kuno, popeza si ife nzika. Koma malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 17, amati aliyense, osati nzika zokha, ali ndi ufulu wopereka chikalata cha madandaulo, ndipo nyumba ya malamulo ya Gauteng ili ndi komiti yolandira zikalata zotere. Pa nkhani ya sukulu, lamulo la sukulu la 1996 limati mwana akakanizidwa malo, kholo likhoza kukadandaula kwa MEC wa maphunziro. Ndipo mu Disembala 2019 khoti lalikulu ku Makhanda lidagamula kuti mwana sangakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi wa kuno kaya ndi wobwera.

Zimenezi nzomwe ndidawafotokozera mayi aja, titakhala pa mabenchi a kumbuyo anthu akupinda mipando. Tidalemba makalata awiri. Yoyamba yopita ku ofesi ya maphunziro ya dera lawo, yokhala ndi nambala ya pa pepala lija, dzina la mwana, ndi sukulu zitatu zapafupi ndi komwe amakhala. Yachiwiri ya apilo, yopita kwa MEC, yoti aisunge kaye. Ndidawauza kuti akapereka yoyambayo asachoke pa kauntala asadawadindire chidindo cha tsiku pa kope yawo, ndipo kopeyo aisunge m'envulopu ya khaki momwemo.

Adawerenga dzina la ofesiyo kawiri, akuloza ndi chala. Kenaka adafunsa kuti takisi yopita kumeneko amakwerera pati, ndipo mnyamata wina wa ku Mzimba yemwe ankasesa m'holomo adati Lolemba m'mawa awaperekeza.